Kuika fupa pakokha sikukwanira mpata ukakula

A mtolankhani, mwalemba kuti dokotala akatenga fupa la m'chiuno n'kuliika pamene fupa la mwendo linawonongeka, wodwala amachira. Zimenezo n'zoona ngati mpata wa pamene fupa linawonongekapo uli waung'ono, koma ukapitirira masentimita pafupifupi 6, fupa loikidwalo nthawi zambiri limasungunuka chifukwa silikhala ndi mitsempha yakeyake ya magazi. N'chifukwa chake madokotala ena amatsata njira ya Ilizarov, yodula fupa n'kumalikoka milimita imodzi patsiku kuti latsopano limere m'mbuyo mwake. Mchimwene wanga anavala zitsulo zokokera fupa za njira imeneyi kwa miyezi yambiri, ndipo chimene chinachedwetsa kuchira kwake ndi fodya, amene amachepetsa magazi ofika pabala. A mtolankhani, mukanatchulanso kuti mafinya akatsalira, fupa loikidwalo silingagwire.