LegCo ya ku Zomba sinali nyumba yathu ayi

Pali anthu ena pa Facebook pano amakonda kunena kuti nthawi ya atsamunda zinthu zinkayenda mwadongosolo, eti kunali ngakhale nyumba ya malamulo. Abale, tiyeni tiione bwinobwino nyumba imeneyo. Mu 1907 dzina la dziko lino linasintha kuchoka ku British Central Africa kukhala Nyasaland, Alfred Sharpe nkukhala bwanamkubwa woyamba, ndipo mpomwe anakhazikitsa khonsolo yopanga malamulo yomwe anthu ankangoitchula kuti LegCo, imakumana ku Zomba. Munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Wapampando anali bwanamkubwa yemweyo, ena anali akuluakulu a boma lake, otsalawo azungu osankhidwa ndi iye, palibe anavotapo.

Ndiye chimene chimandipweteka ine ndi ichi. Anati anthu akuda asadandaule, m'mishonale mmodzi aziwayankhulira. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission anakhalamo, Robert Laws wa ku Livingstonia nayenso anakhalamo. Sindikuwanyoza, Hetherwick Chinyanja ndi Chiyao amachidziwa kuposa ena a ife lero, ndipo nthawi zina amalimbana nawo ndithu azungu anzake. Koma iye sanathawireko kutchire pomva kuti asikali a msonkho wa nyumba afika m'mudzi, sanagwireko thangata, mkazi wake sanagwidweko chikole chifukwa bambo alibe chiphaso cha msonkho. Ndipo msonkhowo unali ndi chinyengo chake, ukagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi umalipira theka, ukalima munda wako wekha umalipira wonse, ndiye mukuona kuti lamuloli amapindula nalo ndani.

Tsono taganizani, Alexander Livingstone Bruce, mwini wake wa esiteti ya ku Magomero komwe anthu amalira ndi thangata ndipo matchalitchi a John Chilembwe amaotchedwa, anali ndi mpando mu khonsolo imeneyi. Chilembwe wophunzira ku America uja analibe. Anthu amati bwanji sanangokadandaula mwamtendere mu Januwale 1915, akadandaule kwa ndani, kwa Bruce?

Makolo athu sanangokhala manja lende. Mu 1912 kumpoto kunayamba North Nyasa Native Association, a Levi Mumba ndi anzawo amalemba makalata mwaulemu kwambiri kupempha kuti mawu awo azimveka, mu 1944 kunabadwa Nyasaland African Congress. Koma mpaka 1949 ndi pomwe munthu wakuda analowa koyamba mu LegCo, zaka zoposa 40 chiyambire, ndiponso anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Federeshoni ya 1953, chitaganya chophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, inabwerabe anthu akukana poyera.

Kwa ine nyumba ija inayamba kukhala ndi moyo mu 1956, atalowa anyamata aja Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Mafunso awo anali olasa moti anthu amagula mabuku a zokambirana za mu LegCo nkumawerengerana ngati nyuzipepala. Anali asanu okha akudawo, povota amagonja nthawi zonse, koma azungu aja tulo anasowa. Nde amene mukufuna kuyamikira dongosolo la atsamunda yamikirani njanji kaya positi ofesi, LegCo ya 1907 musaiphatikizepo.