Shoprite ya ku Chipata ikadalipo, ya kwathu yagulitsidwa: zasiyana pati?

Ine kwathu ndi ku Mchinji, ndipo kwa ife a m'malire, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe. Ukangodutsa pa Mwami, posakhalitsa wafika m'tauni, chilankhulo chomwechi, nsima yomweyi. N'chifukwa chake nkhani imene inamveka mu Ogasiti 2025, yoti Shoprite ikugulitsa masitolo ake asanu a ku Malawi n'kuchoka, inandikhudza mosiyana ndi anzanga a mumzinda. Iwo ankadandaula kuti maapozi ndi tchizi azikagula kuti. Ine chinkandivuta n'china: mwini wake mmodzi, chikwangwani chofiira chomwecho, bwanji tsidya lija sitoloyi yakhazikika pamene kuno yatopa?

Tiyambire kumene inabadwira. Mu 1979 kunali timasitolo 8 chabe cha ku Cape Town, timene tinagulidwa pa mtengo wa ma rand 1 miliyoni. Whitey Basson, amene anaitsogolera mpaka kumapeto kwa 2016, anaikuza pomeza ena: Checkers mu 1991, kenako OK Bazaars mu 1997, imene anaigula ndi rand imodzi yokha chifukwa inali itamira m'mavuto. Chinsinsi chake si chozizwitsa ayi. Amagula katundu wochuluka kwambiri nthawi imodzi, moti mwini fakitale sangalimbe nawo pa mtengo. Amamuunjika m'nkhokwe zikuluzikulu monga za ku Centurion ndi Brackenfell, malole awo n'kumagawa m'masitolo. Phindu pa chinthu chimodzi ndi lochepa, koma zinthuzo zimatuluka ngati madzi.

Abale athu amene ali ku Joni adzakuuzani kuti kumeneko Shoprite ndi sitolo ya munthu wamba. Kuyambira 2016 amagulitsa buledi wa R5 kuti wosauka asabwerere chimanjamanja. Tsiku lolandira ndalama za boma za okalamba ndi ana, zija za SASSA, mizere imafika panja. M'makomboni muli Usave, sitolo yawo ina yaing'ono, yopanda zokongoletsa, yotchipa kwambiri. Wandalama amamudikira ku Checkers, kapena kumutumizira katundu pakhomo ndi njinga zamoto za Sixty60, zimene anayamba mu 2019. Thumba lililonse analikonzera khomo lake. Mavuto ali nawo ndithu: kuzimazima kwa magetsi kunawadyera ndalama zambiri za dizilo, zipolowe za mu Julaye 2021 zinawaswera masitolo ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng, ndipo masitolo a Boxer akuwalimbirana makasitomala omwewo. Koma kumeneko akumenya nkhondo ali pabwalo lawo, ndi ndalama yawo, ndi misewu yawo.

Ndiye taonani mmene inasinthira nkhope itafika kuno. Sitolo ya amphawi ya ku Joni inasanduka sitolo ya mabwana. Pa Chichiri anthu ankapita atatchena, pa Khirisimasi ana n'kumajambulitsa zithunzi pakhomo. Jumbo yake inali ngati chizindikiro choti kunyumba kwanu zinthu zikuyenda. Itatsegulidwa ya ku Mzuzu, ena ankangolowa kukaona mmene mulili. Zonsezi zinkasangalatsa, koma kwa sitolo imene moyo wake ndi kutchipa, chinali chizindikiro cha matenda. Lole yochokera ku Johannesburg kuti ifike ku Blantyre imaima pa Beitbridge, imaima pa Nyamapanda, imadutsa Tete, n'kudzaimanso pa Zobue ndi Mwanza. Paliponse pali kudikira, mapepala ndi msonkho. Chinthu chimene chinali chotchipa ponyamuka chimafika chitalemera.

Komanso makasitomala ake anali kuti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, 16 okha pa 100 alionse ndiwo amakhala m'mizinda. Ndipo ngakhale mumzindamo, ambiri sitigula za mwezi wonse pakamodzi. Timagula za lero: mafuta oyezera, ka wokumani ka ufa, shuga wa m'kapepala, bonya wa mulu umodzi. Mayi wa pa okala amakudziwa dzina, amakukongoza mpaka pa 30. Pamsika umanenerera, wogulitsa n'kukuikira basera. Pa thilu palibe kunenerera, palibe "ndidzapereka mawa". Amene amaganiza kuti mpikisano wa Shoprite kuno unali masitolo ena akuluakulu sanayendepo mu msika wa Lizulu kapena wa Ndirande.

Koma chimene chinathyola msana, mmene ndikuonera ine, ndi ndalama zakunja. Sitolo yotere imagula ndi rand kapena dola, n'kugulitsa ndi kwacha. Madzulo m'kabati muli kwacha yodzaza, koma kuti lole ina inyamuke ku Joni pakufunika kusintha kwachayo, ndipo kubanki akuti dikirani. Ukudikira choncho, mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene unaisunga dzulo lero yatsala pang'ono kufika theka. Wamalonda wamng'ono amathamangira kumsika wakuda, n'kugula dola pa mtengo woposa kawiri wa kubanki, mtengowo n'kuusenzetsa wogula. Kampani yolembedwa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg, yowerengeredwa mabuku chaka ndi chaka, singachite zimenezo. Kutsata malamulo, kumene kumayenera kukhala mphamvu yake, kunaimanga manja. Nanga eni masheya amene akudikira phindu lawo lituluke m'dziko angapirire mpaka liti?

Zoterezi si za ku Malawi kokha. Ku Zimbabwe, Shoprite inatseka sitolo yake ya ku Bulawayo mu 2013. Patapita zaka, sitolo ya Choppies ya ku Botswana nayonso inachokako. Vuto la Choppies linali lofanana ndi la kuno: masitolo akuluakulu ankakakamizidwa kutsata mtengo wa boma wosinthira ndalama, pamene timagolosale ta m'mbali mwa msewu tikugulitsa ndi dola yeniyeni, osafunsidwa ndi munthu. Wamkulu amafa, wamng'ono n'kumanenepa. Nigeria, Kenya, Uganda ndi Madagascar, konseko Shoprite inalongedza kale, ndipo Ghana inatchulidwa tsiku limodzi ndi ife.

Tsono Zambia inatani kuti mlendoyu asakhale mame?

Choyamba, analowa pa nthawi yake. Mu 1995, boma la Frederick Chiluba likugulitsa makampani a boma, Shoprite inatenga nyumba za masitolo akale a boma n'kutsegula yoyamba pa Cairo Road mu Lusaka. Sanayambe ndi mzinda umodzi n'kuima. Anafalikira ku Copperbelt, ku Livingstone, mpaka kuno ku Chipata. Masitolo akachuluka, nkhokwe imodzi ndi lole imodzi zimatumikira ambiri, ndipo mphamvu ija ya kwawo imayamba kugwira ntchito. Ndi masitolo asanu okha, otalikirana kuchokera ku Blantyre mpaka ku Mzuzu, masamu amenewo satheka. Ku Zambia anthu oposa 40 pa 100 alionse ali m'matauni, ndipo m'migodi muli anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Kopa amabweretsa dola chaka chonse. Ife timadikira fodya, amene msika wake ndi wa miyezi yowerengeka. Kwacha ya ku Zambia nayo yadwalapo, mpaka dzikolo linalephera kubweza ngongole mu Novembala 2020, koma imayenda ndi msika, ndipo wamalonda akafuna dola amaipeza, ngakhale yodula.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri. A ku Zambia sanangolandira mlendo n'kumuombera m'manja. Anamukakamiza kuti akhale mkamwini, alime m'munda mwa apongozi. Nyama ya mu Shoprite ya ku Zambia ndi ya Zambeef, kampani ya komweko imene imayendetsa mabutchala m'masitolomo kuyambira pachiyambi, ndipo inakula nawo limodzi mpaka kukhala chimphona. Mu 2003 Shoprite inalembedwa pa msika wa masheya wa ku Lusaka, kuti nzika nazo zigule gawo. Ndipo pali nkhani ya alimi a ku Luangeni, pafupi ndi Chipata. Sitoloyi itatsegulidwa, masamba awo anasowa msika, chifukwa anthu ankagula kabichi ndi tomato wobwera ndi lole. Alimiwo anapsa mtima mpaka kuopseza kuti aitentha. Mapeto ake anakhala pansi n'kugwirizana kuti azilima mwa dongosolo n'kumaperekera sitoloyo. Sindikuyamikira zoopseza ndi moto ayi. Ndikuyamikira zoti anthu a m'mudzi anadziwa kuti msika ndi wawo, ndipo anaulankhulira.

Boma nalonso linaonetsa mano. Mu Okutobala 2013, nthawi ya Michael Sata, antchito pafupifupi 3,000 atachotsedwa chifukwa chonyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, boma linaopseza kulanda chiphaso cha malonda, ndipo anthuwo anabwezeredwa pa ntchito. Wina akanaganiza kuti kampani ikhumudwa n'kuchoka. Sinachoke, chifukwa inali itazika mizu, ndipo phindu linalipo.

Za Mozambique ndinena mwachidule. Shoprite inalowako mu 1997 ku Maputo, kumene ndi pafupi kwambiri ndi South Africa, ndipo a ku Mozambique madoko ali nawo okha. Chiopsezo chawo ndi china: zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 zinaswetsa masitolo ambiri. Sitolo yaikulu yodzaza ndi zakudya ndiyo imayamba kuonedwa anthu akakwiya.

Kuti ndisalakwire mbali imodzi, kuno nakonso ankagula zina kwa alimi ndi mafakitale athu. Shuga, mkaka, nkhuku, mazira ndi masamba ena zinali za konkuno. Koma sitinafike poti kampani ya Chimalawi ikule pamsana pa mashelefu amenewo ngati mmene Zambeef inachitira. Mlandu wake si wa mlendo yekha. Sitolo yaikulu imafuna tomato wofanana kukula, Lolemba lililonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Mlimi wa ku Jenda kapena ku Tsangano ali ndi tomato wambiri mwezi uno mpaka kuwola, mwezi wamawa alibe. Alibe mosungira mozizira, alibe galimoto, ndipo sangadikire masabata kuti alipidwe pamene vendayo wabwera ndi ndalama m'manja. Pamenepa ndi pamene makopaletivu, mabanki ndi unduna zinayenera kulowererapo kalekale.

Ndipo tisadzinamize kuti vuto linali kukhala wachilendo. PTC inali yathuyathu, ya Press Corporation, inali pafupifupi m'boma lililonse, koma inagwa. Amene atsala, a Chipiku, a Sana ndi ena, ali ndi mwayi woti mpikisano wachepa, ndipo amadziwa kugulitsa mogwirizana ndi thumba la Mmalawi, kuphatikizapo kupikulitsa kwa eni maokala. Koma dola imene inasowa kwa Shoprite ikusowanso kwa iwo. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja zinthu zina monga ufa, mpunga, kachewere, zipatso ndi mkaka. Cholinga ndikuchimvetsa, ndipo mtima wanga uli nacho. Kungoti kutseka chipata n'kosavuta, chovuta ndi kuonetsetsa kuti kachewere wa ku Dedza, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi mkaka wa ku Bvumbwe zikufika pa shelefu sabata iliyonse zili bwino, pa mtengo woti mphunzitsi wa ku pulayimale angakwanitse.

Amalume anga amalima mtedza ndi soya kuno ku Mchinji. Chaka chilichonse amagulitsa kwa mavenda pa sikelo ya pamsewu, ndipo matumba ena amathera tsidya lija. Ndikapita ku Chipata ndimatembenuza botolo la chiponde n'kuwerenga kumene lapangidwa, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti ndi la ku Zambia komweko. Kaya masitolo asanu aja alembedwa dzina lanji, ine ndikalowamo ndidzapita kaye pa shelefu ya chiponde, ndikatembenuze botolo.