Musanalipire firiji, yang'anani kaye chitseko chake

Anzanga amene mumakhala m'nyumba za lendi, nkhani iyi ndi yanu. Ena muiona ngati yaing'ono, koma ine yandivutitsa miyezi isanu ndi itatu m'khitchini mwanga momwe, ndiye ndiloleni ndiyankhule.

Firiji yathu yoyamba tinagula tikukhala ku Chilinde. Tsiku logulalo tinafunsa zonse zimene anthu timafunsa: imalowa zinthu zochuluka bwanji, imadya mayunitsi ambiri kapena ayi, galanti yake ndi ya nthawi yaitali bwanji. Bambo a kunyumba anakakamira ya siliva, ine ndinkafuna yoyera. Za chitseko palibe anaganizako, ndipo wogulitsa sanatchulepo kanthu. Mahinji ake anali kumanja, chogwirira kumanzere, monga amabwerera mafiriji ambiri. M'nyumba imeneyo zinali bwinobwino chifukwa tebulo lokonzera ndiwo linali kumanzere kwake. Ukatsegula, umangotenga tomato n'kuika patebulo.

Titasamukira ku Area 25 m'pamene ndinadziwa. Khitchini ya kuno ndi yopapatiza, soketi ndi imodzi yokha, ili pakona. Firiji inakhala pakonapo, khoma kumanzere, mbaula ndi tebulo kumanja. Ukatsegula, chitseko chimaima pakati pa iwe ndi tebulo. Umayenera kudzipanikiza kukhoma, kutenga poto wa nyemba ndi manja awiri, kubwerera chammbuyo, kuzungulira chitseko, kenaka kuchikankha ndi chigongono. Wina akamalowa kuchokera pabalaza, chitseko chomwecho chamutsekera njira. Mwana wanga wamng'ono anagundapo chipumi kawiri. Ndipo nthawi yonse imene ukuzungulirayo firiji ili pululu, kuzizira kukutuluka, kompulesa, injini yoziziritsa ija, ikulira, mayunitsi akupita. Tsiku limene magetsi azima m'mawa, kutsegula kulikonse kumawawa, chifukwa kuzizira kumene kwatuluka sikubwereranso mpaka atayaka.

Ndinaitana mmisiri wokonza mafiriji kuti aone ngati angachitembenuze. Anayang'ana pamwamba, anagwada n'kuyang'ana pansi, kenaka anapukusa mutu. "Mayi, iyi sinapangidwe choncho. Mbali inayi kulibe mabowo. Ndikaboola ndekha ndikhoza kukuphera firiji." Ndinamuthokoza chifukwa chonena zoona, poti wina akanangotenga chobowolera kuti apeze ya tsiku limenelo. M'makoma a firiji mumadutsa timapaipi ta gasi ndi mawaya, ndipo gasi amene ali m'mafiriji ambiri atsopano, R600a, amayaka moto. Musalole munthu aboole firiji yanu.

Mmisiri yemweyo ndiye anandiphunzitsa poyang'ana. Firiji yotheka kutembenuza chitseko imakhala ndi mabowo okonzeratu mbali imene kulibe mahinji, otsekedwa ndi titsekerero tapulasitiki. Yang'anani pamwamba pa firiji kukona inayo, pakati pa zitseko ngati ili ndi ziwiri, ndi pamwamba pa chitseko chenichenicho. Mukaona titsekereroto, dziwani kuti mahinji angasamukire kumeneko. Pakabuku kake kapena pakatoni amalemba kuti reversible door. Yang'ananinso chogwirira: ngati ndi chomangidwa ndi masikuluwu, nachonso chimafunika mabowo mbali inayo. Ngati ndi chija chongokumbidwa m'mphepete mwa chitseko kuchoka uku kufika uko, ndiye palibenso vuto.

Sikuti mafiriji onse amatheka. Aja a zitseko ziwiri zoyang'anizana ngati za wadiropu, nkhaniyi siwakhudza n'komwe. Aja okhala ndi kagalasi koonetsa manambala pachitseko amakhala ndi mawaya odutsa m'hinji, ndiye ena satheka, ena amafuna munthu wodziwa. Amene amatheka kawirikawiri ndi wamba omwewa, a chitseko chimodzi kapena a zitseko ziwiri, china pamwamba china pansi. Ndipo musangodalira dzina. Kaya ndi Defy, Hisense kapena KIC, kampani imodzi yomweyo imapanga mitundu yambiri, ndiye onani firiji yeniyeniyo imene mukufuna kunyamula.

Yakale ija tinagulitsa kwa alamu anga amene amachita geni ya thobwa, kwawo malo ndi otakasuka. Tinasunga ndalama kwa miyezi ingapo n'kugula ina, ndipo ulendo uno ndinapita kusitolo ndi tepi yoyezera m'chikwama. Mnyamata wogulitsa nditamufunsa za chitseko anayamba wadabwa, kenaka anakaitana mnzake. Apa m'pamene pali dandaulo langa lenileni. Anthu ambiri m'matauni mwathu, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, timakhala m'nyumba za eni. Lero uli pano, chaka chamawa mwini nyumba wakweza lendi kapena akuti mwana wake akufuna kulowamo, wasamuka. Khitchini sitisankha, soketi sitisankha. Firiji ndi katundu amene munthu amagula kamodzi n'kukhala naye zaka khumi kapena kuposa, ndiye adzalowa m'makhitchini atatu kapena anayi. Wogulitsa amene amasamala za kasitomala wake ayenera kufunsa yekha kuti, "Kodi kwanu khoma lili mbali iti?" Funso limeneli ndi lofunika kuposa la siliva ndi yoyera lija.

Kutembenuza chitseko cha firiji yatsopanoyo sikunatenge ngakhale ola lathunthu. Mmisiri anazula pulagi, anachotsa mashelefu onse, anamasula hinji ya pamwamba n'kunyamula chitseko choyamba, kenaka ya pakati, kenaka ya pansi pamodzi ndi kamwendo kake. Zonse anasamutsira kumanzere, titsekerero tija n'kukatseka mabowo akale. Pogwira pansipo anangoipendeketsa pang'ono, bambo a kunyumba atagwirira, sanaigoneke. Anati firiji ikagona, mafuta a m'kompulesa amalowa m'mapaipi, n'chifukwa chake ngakhale mukangoitsitsa pagalimoto mumayenera kuisiya chiimire maola angapo musanayatse. Musanamuitane mmisiri wanu, funsani kaye kusitolo ngati kumasula nokha sikuononga galanti, poti malamulo amasiyana.

Chimene ndinakonda kwambiri ndi mmene anayesera labala wa m'mphepete mwa chitseko. Anatenga kapepala, anakapana ndi chitseko, n'kukoka. Pamene kanatuluka mosavuta anati apa pakupita mphepo, anamasulanso hinji n'kuwongola mpaka kapepalako kanayamba kukanirira mbali zonse. Chitseko chikakhala chopendekeka ngakhale pang'ono, mufiriji mumachita madzi, ayezi amaunjikana, ndiwo zimasasa.

Anandichenjezanso chinthu china chimene sindikanachiganiza. Mahinji akakhala mbali ya khoma, musaigundike firiji kukhomako. Chitseko chimafuna kutseguka kupitirira pang'ono kuti kabokosi ka masamba kapansi kaja katuluke. Tinasiya mpata wokwana chikhatho chimodzi m'mbali, ndi winanso kumbuyo kuti kutentha kuzituluka.

Inu amene mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani ngati titsekerero tija tilipo, ndiponso ngati mabowo a mahinji sanachite dzimbiri kapena kulekera. Ena amatembenuza mosasamala n'kusiya chitseko chikulendewera.

Panopa ndikatsegula firiji, chitseko chimapita kukhoma, tebulo lili pomwepa kudzanja langa lamanja. Dzulo ndinatulutsa poto wa nkhuku, mwana akudutsa kumbuyo kwanga ndi kapu ya madzi, ndipo palibe anagunda mnzake.