Nanga za ku Philippines mwazisiyiranji?

A mlembi, mwanena kuti dziko la America linalowa nkhondo ya 1898 pofuna kumasula anthu a ku Cuba m'manja mwa Spain, koma mwadumpha zimene zinagwera anthu a ku Philippines, amenenso ankamenyera ufulu wawo. Mtsogoleri wawo, Emilio Aguinaldo, analengeza ufulu wa dzikolo pa 12 June 1898, koma pa mgwirizano wa ku Paris mu December chaka chomwecho, America inapatsa Spain madola 20 miliyoni n'kutenga zilumbazo ngati ikugula munda, eni nthaka osaitanidwa n'komwe ku zokambiranazo.

Nkhondo ya pakati pa America ndi anthu a ku Philippines inabuka mu February 1899. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene zinachitika pachilumba cha Samar mu 1901. Anthu a m'tauni ya Balangiga, ya pachilumbachi, atapha asilikali a America oposa 40, mkulu wa asilikali, Jacob Smith, analamula kuti midzi itenthedwe ndiponso kuti aliyense wotha kunyamula chida aphedwe, ndipo atafunsidwa za msinkhu, anati kuyambira wa zaka khumi. Makolo anzanga, taganizirani mwana wa zaka khumi kuwerengedwa ngati mdani! Smith anazengedwadi mlandu, koma chilango chake chinali kudzudzulidwa ndi kupumitsidwa ntchito basi.

Asilikaliwo anachotsanso mabelu atatu a tchalitchi cha m'tauniyo. Awiri anakaikidwa pamalo a asilikali ku Wyoming, ku America, ndipo onse atatu anabwezedwa mu December 2018, patadutsa zaka 117. Chonde, mukamalembanso za nkhondoyi, mutchule Balangiga.