Chenjezo kwa inu ogula nkhosa ndi zipangizo zaulimi pa foni

Abale anga, ana anga, tandimverani pang'ono chifukwa nkhani iyi ikundiwawa. Chaka chilichonse tikangogulitsa soya, mtedza ndi fodya, ndalama zikangolowa mthumba, kumayamba kumveka kulira, ati ndatumiza dipoziti ya nkhosa za Dorper kwa munthu wa pa Facebook pano foni yake sikupezeka. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ndi zidzukulu, thukuta la dzinja lonse nkulipereka kwa munthu amene nkhope yake sunaionepo, kwawo sukukudziwa, mfumu yake sukuidziwa. Nzeru zija anatisiyira makolo mwazitaya kuti?

Nkhosa timagula ndi manja. Umaigwira pamsana kumva mnofu, umaiyasamula kuona mano, ikakhala ndi mano awiri akuluakulu kutsogolo ndiye kuti yangodutsa chaka, akakwana 8 imeneyo yafika zaka ngati 4, osalola wina akunamize kuti ndi msoti. Umatsitsa chikope, mkati mukakhala motuwa dziwa kuti njoka zam'mimba zaimaliza magazi, umaona ziboda, umasuzumira kumchira ngati ikutsegula m'mimba, umaisiya iyende uone ngati ikutsimphina. Nanga zonsezi pa chithunzi mudzaziona bwanji? Zithunzi zija za nkhosa zonenepa mutu wakuda thupi loyera, akubawa amangozikopera pa masamba a alimi a ku South Africa komwe mtundu wa Dorper unachokera, inu nkumakhulupirira kuti khola lili ku Dedza. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Mayendedwe awo ndi amodzimodzi. Mtengo amauika wotsika kwambiri kuti mtima uthamange, kenako akuti zatsala zitatu zokha pali wina akubwera ndi kashi, tumizani theka ndikusungireni. Mukalemba nambala pa Airtel Money kaya Mpamba dzina lotuluka ndi lina, iye nkuti aaa musadandaule ndi ya madamu imeneyo, inu nkuikabe pini. Mawa lake akuimbirani wina ati ndi dalaivala, galimoto yafa pa Zalewa, kapena atigwira pa rodibuloko pakufunika ya pemiti, tumizani msanga nkhosa zifa ndi kutentha. Apa ndi pomwe ndimakwiya nanu kwenikweni, chifukwa mtima umakhala wakuuzani kale kuti pali chinachake koma mumatumizabe poopa kutaya yoyamba ija, kachiwiri, kachitatu, ena mpaka kukakongola ku banki m'khonde. Pemiti yoyendetsera ziweto imatengedwa kwa alangizi a ziweto nyama zisananyamuke, sigulidwa pa msewu. Wogulitsa weniweni amakhala nayo kale pamodzi ndi kalata ya amfumu yosonyeza kuti ziwetozo nzake. Ndipo nyengo ya Eid ya nsembe, pamene nkhosa ndi mbuzi zimafunidwa kwambiri, samalani kawiri.

Ku zipangizo nkomweko. Pampu ya sola, chigayo, makina opukusira chimanga, sipuleya, ngolo, ati katundu ali pa boda ku Mwanza tumizani yokiliyalira. Pampu imagulidwa itatulutsa madzi inu mukuona, injini imagulidwa italira, mutaona utsi wake, mutafunsa kuti masipeya ake amapezeka kuti, nkupatsidwa risiti ya shopu imene mawa mukhoza kubwererako. Ngati simudziwa za makina tengani makaniko, mumulipire tsiku limodzi basi.

Sindikuti intaneti njoipa ayi, alimi achilungamo aliko ndipo amagulitsa bwino. Koma wachilungamo sakana kuti mubwere. Muuzeni ndikubwera Loweruka kudzaona khola, kapena ndikutuma mlamu wanga amene ali pafupi nanu. Akayamba zoti ndili pa maliro, netiweki ikuvuta, kamera yanga inafa, musiyeni pomwepo. Thiransipoti yopita ku Nsundwe kaya ku Mitundu pa tsiku la msika njochepa poyerekeza ndi zomwe mukutayazi. Inunso ana athu a ku Joni amene mukufuna kugulira makolo pampu kapena kuyamba kakhola kumudzi, ndalama tumizani kwa m'bale wanu akalipire katundu ali m'manja, osati kwa wogulitsa wa mu gulupu ya WhatsApp.

Achinyamata inu, lekani kubwereketsa chitupa cha unzika kuti wina alembetsere simu chifukwa cha kandalama ka yuniti. Kuyambira 2018 bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndiye nambala ikabera munthu apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu.

Ndipo amene mwaberedwa kale musabisale ndi manyazi, kukhala chete kwanu nkomwe kukupweteketsa anzanu. Musafufute mameseji, sungani nambala, zithunzi ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita, imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo chifukwa akangozitapa kwa ejenti kuzibweza kumavuta, kenako pitani ku polisi. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Mukatero kanenenso ku kalabu, ku tchalitchi, ku mzikiti, muwerenge nambalayo mokweza aliyense ailembe.