Mukutsitsa galimoto kuti iziyenda msewu wa kuti?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinakafika pa chinkhoswe kumudzi wina kufupi ndi Chamama nditakwera kabaza wa njinga yamoto, suti ili mbuu ndi fumbi, ine nkhoswe yakuchimuna, akuchikazi atadikira mpaka nsima kuuma m'mbale. Chifukwa chake n'choti mwana wa mlongo wanga anaona kuti Mazda Demio yake yatalika kwambiri, ndiye anaitsitsa. Anaika masipuling'i aafupi, malimu aakulu onyezimira, ndi timatayala topyapyala. Titangosiya tara n'kulowa msewu wa dothi, pamalo pamene madzi a mvula anakumba n'kusiya mwala pamtunda, tinangomva kuti kho! kunsi. Sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, yang'ambika, oyilo yense chuu pansi. Mnyamatayo n'kumandiuza ali chilili kuti, "Atsibweni, vuto ndi msewuwu." Msewu? Iwe unabadwira konkuno, msewu umenewu wakhala uli chomwechi kuyambira ukukwawa. Sunakumbike usiku umene unagula malimuwo.

Ndiye ndinene, amene akwiye akwiye. Galimoto ya tsiku ndi tsiku, imene imatenga ana kusukulu, kupita kuchigayo, kumaliro ndi kumunda, muziigulira zakunsi zogwirizana ndi msewu umene imapondamo. Osati msewu wa mu vidiyo. Osati msewu wa ku Tokyo kapena Johannesburg. Msewu wa kwanu. Kaya ndi TikTok yakuzunguzani mutu, kaya ndalama za fodya za ku Chinkhoma zikukuyabwani m'thumba, zimenezo n'zanu.

Tiwerengetsere limodzi. Timagalimoto tathu timeneti ta ku Japan, kaya Demio, Vitz, Passo kapena Sienta, timatsika sitima ku Dar es Salaam tili ndi mpata wa masentimita 14 kapena 15 kuchokera pansi. Apo n'kuti mulibe munthu. Mukwezemo akuluakulu asanu, kumbuyo muikeko thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi nkhuku za apongozi, galimoto yakhala kale pansi. Tsopano inu mukuchotsaponso masentimita 3 kapena 4 ndi masipuling'i otsitsawo. Chatsala n'chiyani? Mpata woti chikhatho chingolowa. Mpata umenewo ndiwo mukufuna muwolokere nawo ngalande za mwezi wa February, mudutsire nawo mchenga wa njira ya ku Lifupa? Kumeneko n'kuvala nsapato za gogoda popita kukapalira.

Ngakhale pa tara pomwe timakuonani. Mukafika pa hampu pa M1 mumaima kaye, n'kuipingasa galimoto, tayala limodzi likwere, linalo lidikire, kumbuyo kwanu minibasi ndi malole zili pamzere, ma hutala ali pepepe. Mwinanso mukutsitsa anthu kuti muwoloke hampu. Ndiye mwati mwaikweza udindo galimotoyo? Galimoto yoopa hampu? Bampa yakutsogolo munaimanga kale ndi waya, ekizozi ikukhula pansi, koma mukatsika mumaijambula chithunzi n'kuika pa Facebook. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye pali bodza ili lakuti galimoto yotsika ndi yolimba "imagwira msewu". Imagwira msewu wosalala, inde, wa mpikisano uja wopanda ngakhale kadzenje. Kuno ayi. Sipuling'i ntchito yake ndi kunyamula kulemera kwa galimoto ndi kulola tayala kukwera ndi kutsika motsatira nthaka. Shoki ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isapitirize kudumphadumpha. Ziwirizi zimafuna danga loyendamo. Mukafupikitsa dangalo n'kulimbitsa zonse, tayala likagunda zigwembe limadumpha m'malo motsatira pansi, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota, silimanganso buleki. Pa msewu wa dothi wa timizeremizere tija togwedeza mano, galimoto yolimba ndiyo imayamba kutaya kumbuyo. Mphamvu imene sipuling'i ikanameza imapita ku mabushi (timalabala ta molumikizira zitsulo zakunsi), ku ball joint, ku ma mounting apamwamba, mpaka ku msana wa agogo amene mwawakhazika kumbuyo. Mwezi sunathe dashibodi yayamba kuimba. Ndiye muzimunena makaniko kuti sadziwa ntchito.

Oipitsitsa ndi aja odula masipuling'i. Amapita pagalaja ya pansi pa mtengo, makaniko atenga makina odulira zitsulo, n'kuchotsa mkombero umodzi kapena iwiri. Ena amachita kuwotcha ndi moto wa gasi kuti sipuling'i ikhale pansi, osadziwa kuti chitsulocho chikapsa mphamvu yake yathera pomwepo. Sipuling'i yodula imafupika n'kuumanso, sikhazikika bwino pampando pake, ndipo tayala likalendewera m'dzenje imatha kuguluka. Shoki nayo imakhala ikugwira ntchito kumapeto kwenikweni, kumangogunda kalabala koimitsira kaja, mpaka kuyamba kukha mafuta. Mbali ina imatsika kuposa inzake chifukwa anadula ndi maso. Munthu walipira ndalama kuti amuwonongere galimoto, n'kuthokozanso.

Ma coilover nawo, mashoki obwera ndi sipuling'i yake pamodzi otha kusintha kutalika kwa galimoto, musandiuze. Enieni alipo, a Tein ndi anzawo, ndipo anapangidwira anthu amene amadziwa chimene akusintha ndi chifukwa chake. Koma aja opanda dzina oitanitsa pa intaneti chifukwa ndi ofiira ndi agolide, mazinga ake osinthira kutalika akangomwa matope a dzinja limodzi amagwirana, osapotokanso. Mwagula chosinthika chimene sichisinthika, chouma gwa, ndipo chikafa palibe sitolo ya pa Kasungu pano imene mukapezemo chinzake.

Mukufuna galimoto iziyenda bwino? Ibwezereni kutalika kumene inabadwa nako, muiikire mashoki abwino a muyezo wake. KYB Excel-G, Monroe, Gabriel, zonsezi zimapangidwa kuti zilowe m'malo mwa za kufakitale. Amene thumba likulola, Bilstein B4 ndi ya muyezo wa kufakitale, B6 ndi yolimbirako koma galimoto siitsika, pamene B8 anaipangira galimoto zotsitsa, imeneyo isiyeni m'sitolo. Pogula tengani nambala ya chassis, musamangoti "ya Vitz", chifukwa ma Vitz alipo mibadwo ingapo ndipo mashoki ake salowana. Sinthani awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, osati imodzi yatsopano inzake yakufa. Pomwepo makaniko aone mabushi, ma link a stabilizer ndi ma tie rod, chifukwa kugogoda kwambiri kumene anthu amanamizira shoki kumachokera ku tinthu timeneti totsika mtengo. Mabushi ikani a labala. Aja olimba a polyurethane amabweretsa phokoso lonse la msewu m'kati ndipo akauma girisi amalira kwiikwii. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaponda pansi, osati ili pa jeke, apo ayi labalayo amakhala wopotoka n'kung'ambika msanga. Mukamaliza kachititseni alayimenti tsiku lomwelo, musanadye matayala mbali imodzi. Zimenezi sizioneka pa chithunzi, n'chifukwa chake achinyamata sazifuna. Koma ndizo za msewu wa kuno.

Za matayala ndisaiwale, chifukwa tayala ndilo limayamba kulandira nkhonya shoki isanamve. Demio ija inabwera ndi 175/65 R14, khoma la tayala lotalika masentimita 11 ndi kanthu. Mnyamata wathu anachotsa n'kuika 205/40 R17, khoma la masentimita 8 okha. Dzenje limodzi la pa tara, limu lapindika, tayala latupa chithupsa m'mbali. Ndipo likaphulikira ku Santhe kapena ku Chatoloma mukalipeza kuti la saizi imeneyo? La 14 ndi 15 mulipeza paliponse pamene pali kompuresa. Ndinamuuza asanagule, mayi ake anamuuzanso. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Chowawa n'choti ikamafota ifenso tili momwemo, titavala suti.

Okweza nanu musaseke, nkhani ndi yomweyi. Ka spacer, kachidutswa kokwezera galimoto, ka masentimita awiri kuti sampu ipulumuke ku miyala, palibe angakunyozeni, ambiri kuno timatero. Koma aja osanjikiza mpaka Passo ioneke ngati ikufuna kuuluka, ma CV joint akugwira ntchito mopindika, malabala ake akung'ambika, pokhota galimoto ikupendama. Ndi inu a ma Sienta a matola amene mumapanikiza zidutswa za tayala pakati pa masipuling'i akumbuyo kuti musenze anthu khumi ndi matumba a mtedza, galimoto imeneyo ili ndi mipando isanu ndi iwiri. Kulimbitsa sipuling'i sikukulitsa mabuleki. Msewu wake ndi womwewu, katundu wake ndi amene analembedwa, zina zonsezo mukudzinamiza.

Ndiponso inu ogulitsa ma spare, tikuonani. Mumatola mashoki otha ntchito, kuwatsuka ndi petulo, kuwapopera penti wakuda, kumata sitika, n'kuwalonga m'katoni yatsopano. Munthu akafunsa ngati ndi orijino mumalumbira mpaka kutchula Mulungu. Shoki ya gasi yamoyo ukaikanikiza imalimbalimba ndipo imabwerera yokha pang'onopang'ono, koma yanuyo imangolowa fwaa n'kukhala komweko, ndiye mumakana kuti tiitulutse m'pulasitiki, eti tiidetsa. Lisiti simupereka. Pakatha milungu iwiri yayamba kukha mafuta, tikabwera nayo mwasintha nkhope, mwati amene anagulitsa ndi mnyamata wina ndipo anachoka ntchito. Anachoka liti, poti ndi yemweyo wakhala pa benchiyo akudya chipisi?