Anthu akati ayi, ndi ayi basi

Nkhani ya ku Evanston, mzinda wa pafupi ndi Chicago, ikundiwawabe mpaka lero. Mu August 2025 mzindawu unathetsa kontrakiti ndi kampani ya Flock Safety, ija imakhomera makamera owerenga nambala za magalimoto m'misewu ya kuno ku America. Anaiuza kuti zulani zinthu zanu muzipita. Inazuladi ambiri mwa makamerawo. Koma September asanathe, makamera aja anapezeka abwereranso pa mapolo, mzinda usanavomere. Akuluakulu a mzinda anachita kuwakulunga ndi mapulasitiki akuda. Mwamva? Boma la mzinda kumaphimba kamera ya kampani m'misewu yakeyake, ngati eni ake si iwo!

Anthu anakana. Kukana kwake kunali komveka, kolembedwa pa pepala. Ndiye ndani anapatsa kampani mphamvu zoti ibwerere?

Ku Denver nakonso chimodzimodzi. Mu May 2025 makhansala onse anavota kukana kuwonjezera kontrakiti ya Flock. Onse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati inde. Meya Mike Johnston anangotsitsa mtengo wa kontrakiti kufika pansi pang'ono pa madola 500,000, poti ndalama zikachepera pamenepo safunikanso kupempha khonsolo. Makamera anapitiriza kujambula. Tsono anthu amapita kumisonkhano ya khonsolo kukatani? Amasiya ntchito, amasiya ana, kukayankhula mphindi zitatu pa maikolofoni, kenako bwana n'kupeza kakhomo kakumbuyo. Uku n'kutinyoza. Palibe dzina lina.

Ndipo musandiuze zoti "ngati sunalakwe ukuopanji". Mawu amenewa amandinyansa. Kamera imeneyi sisankha wakuba. Imajambula galimoto iliyonse yodutsa, nambala, mtundu, ngakhale chomata cha kumbuyo, n'kusunga masiku 30. Wapita kutchalitchi, yalemba. Wapita kuchipatala usiku, yalemba. Wagona kunyumba ina osati kwanu, yalembanso. Wapolisi safuna chikalata cha khoti kuti aone zonsezi, amangolemba nambala pa kompyuta. Ine sindinalakwe, n'chifukwa chake sindikufuna kulondoledwa.

Mayi uja wa ku Aurora, ku Colorado, analakwa chiyani mu 2020? Apolisi anamutulutsa m'galimoto atamulozetsa mfuti, ana amene anali nawo anawagoneka chafufumimba pa phula, ena atawamanga maunyolo. Nambala yomwe ankaifuna inali ya njinga yamoto ya ku Montana, osati galimoto yake. Mzinda unalipira madola 1.9 miliyoni, koma mantha a ana aja mungawagule ndi ndalama? Ku Texas, mu 2025, wapolisi wa ku Johnson County anafufuza m'makamera oposa 83,000 m'dziko lonse kusaka mayi amene anachotsa pakati. Iwo akuti ankamudera nkhawa. Kudera nkhawa kotani kofika mpaka ku Illinois? Ku Kansas mkulu wa apolisi m'tawuni ina ankagwiritsa ntchito makamera omwewa kulondola chibwenzi chake chakale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Eya, akuti magalimoto akubedwa, apolisi ndi ochepa. Tamva. Koma eni mzinda akawerengera zonsezo n'kunena kuti ayi sitikufuna, nkhani yatha. Anthu a ku Austin anakana, kontrakiti inafa mu June 2025, dzuwa likutulukabe ku Austin. Ayi wa anthu asamasanduke inde chifukwa choti meya ndi kampani amvana m'chipinda.

Ife obwera m'dziko muno ndiye tisamagone tulo. Evanston anathetsa kontrakiti ija boma la Illinois litapeza kuti apolisi a m'malire a dziko ankatha kuona zomwe makamerawa ajambula, pomwe lamulo la Illinois limaletsa zimenezo. Anatiuza kuti ndi ogwirira mbava za magalimoto. Lero akusakira anthu opanda mapepala okhalira m'dziko muno. Amene muli ndi mapepala abwino musaseke, kamera siifunsa pasipoti, imangoona nambala ndi msewu umene umadutsa tsiku ndi tsiku popita ku shifiti.

Ndiye pali inu aneba a makamera a pakhomo. Munthu wakuda akangodutsa pa nyumba panu akuyang'ana nambala ya nyumba kuti asiye katundu amene mwaitanitsa nokha, mwamujambula kale, mwamuponya pa gulu la m'dera kuti "mukumudziwa uyu?" Katundu wanuyo mumafuna agwe kuchokera kumwamba?